Zimene msewu wa M1 watidyetsa

Agogo anga aakazi sankakhulupirira chakudya cha pamsewu. Ukangowauza kuti mawa ndili pa ulendo, usiku womwewo ankakazinga chimanga ndi mtedza, kuphika mbatata, nthawi zina mpaka kugwira nkhuku ngati ulendo uli wautali, zonse n'kumanga m'kansalu. Ameneyo ndiye kamba. Osati kamba wachigoba uja ayi, koma kamba wa paulendo, mawu amene ana a mng'ono wanga sakuwadziwanso. Kwa agogo, munthu wogula nsima panjira anali munthu wopanda kwawo, kapena woti wayambana ndi mkazi wake.

Ine lero ndikamakwera basi pa Wenela ndimangotenga foni, chaja ndi tindalama tosinthasintha. Ndimadziwa kuti msewu undidyetsa. Chaka chatha ndinachita zimene ndakhala ndikulakalaka kuyambira kale: kuyenda M1 kuchokera kuchigwa cha Shire mpaka kumalire a Tanzania, osathamanga, kutsika pamene mtima wafuna, kudya chimene chabwera pawindo. Ndi msewu wa makilomita opitirira 1,000, kuchokera ku Marka m'boma la Nsanje kukafika pa mlatho wa Songwe ku Karonga. Ndinabwerako ndi mimba yodandaula komanso funso limodzi. Kodi anthu onsewa amene amatidyetsa m'mbali mwa msewu anafikapo bwanji pamenepo? Paja msika sumera wokha ngati bowa.

Za ku Nsanje ndi Bangula ndingonena mwachidule: mlamba wowamba wochokera m'dambo la Elephant Marsh, malambe, ndi dzuwa loti Fanta amafunda usanalandire tchenji. Pa Nchalo mpweya umanunkhira nzimbe, ndipo wakhala ukutero kuyambira m'ma 1960 pamene kampani ya shuga inatsegula minda kumeneko. Koma malo oyenera kuyambira nkhaniyi ndi pa Dyeratu, ku Chikwawa. M'Malawi muno mulibe dzina lina la malo limene limalankhula mosapita m'mbali chonchi. Dyeratu. Ndi langizo la munthu wokukonda: idya tsopano, kutsogoloku usadalire. Ine ndinamvera. Ndinadya kanyenya wa mbuzi nditaimirira, mchere ndi tsabola zili pakapepala, mnyamata wowotcha akundiuza kuti "bigi, mbuzi za kuno zimadya zowuma, nde nyama yake siyamadzimadzi ngati ya kumtunda kwanuko." Sindinatsutse. Munthu wagwira mpeni sumutsutsa.

Kutsogolo kwa Dyeratu kuli mlatho wa Kamuzu, rodibuloko ya Thabwa, kenako chikweza chija chimene minibasi imalira ngati mbuzi yoti ikuphedwa. Mukadzakwera pamenepo, muzimitseko kaye TikTok, muyang'ane pawindo. Phiri limeneli anthu ankakwera wapansi, katundu ali pamutu, ndipo M1 anabadwira pamapazi awo.

Nkhani yake ili chonchi. Mu 1859 David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire pa sitima yake, akuganiza kuti wapeza njira yapamadzi yolowera mkati mwa Africa, koma mathithi a Kapichira anamuimitsa. Kuyambira pamenepo mpaka ku Matope mtsinje ndi wamiyala ndi mathithi okhaokha, sitima singadutse. Ndiye a mishoni atakhazikika ku Blantyre mu 1876, ndi kampani ya African Lakes itabwera mu 1878, katundu yense ankatsitsidwa pa doko la Katunga kufupi ndi Chikwawa, kunyamulidwa pamutu kukwera phiri mpaka ku Mandala, n'kutsikanso kukafika ku Matope kumene sitima ina inkadikira kupita kunyanja. Onyamulawo ndiwo atengatenga. Mtolo umodzi unkalemera pafupifupi makilogalamu 25. Nsalu, mchere, zitsulo za sitima, mabuku a tchalitchi, ngakhale mzungu weniweniyo atagona m'machila. Boma la atsamunda litabwera mu 1891, Harry Johnston anapatsa msilikali wina dzina lake Sclater ntchito yokonza njirayo kuti ikhale msewu wodutsa ku Blantyre kukafika ku Zomba. Msonkho wa nyumba nawo unakankhira amuna ambiri ku utengatenga, poti ndalama ya msonkho sinkamera m'munda.

Tsono taganizani. Kale mlendo akafika m'mudzi dzuwa litapendeka, ankapita kwa amfumu, amayi n'kumuphikira. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye kumumana nsima chinali chamanyazi. Koma mwambo umenewo unapangidwira munthu mmodzi kapena awiri. Gulu la amuna mazanamazana, lero, mawa, mkuja, chaka chonse, palibe nkhokwe ingapirire. Atengatenga ankapatsidwa phoso, ndipo pamene phoso laperewera ankasinthanitsa kachidutswa ka nsalu kapena mchere ndi ufa, mbatata, thobwa. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene chakudya cha paulendo chinasiya kukhala mphatso n'kusanduka malonda. Mayi woyamba kukhala pansi pa mtengo m'mbali mwa njira ndi mtsuko wa thobwa, palibe analemba dzina lake. Koma amayi onse a pa Lizulu ndi adzukulu ake pantchito.

Nyumba ya Mandala, imene inamangidwa mu 1882, ilipobe pakati pa Blantyre, ndipo pansi pake pali malo omwera khofi. Ndinakhalapo masana ena, pakhonde lozizira bwino, kumwa khofi wa mtengo woti agogo akanamva akanandiitanira abusa. Malowo ndi okongola, sindinama. Kungoti ndinkangoona m'maganizo amuna aja atatula mitolo pabwalo lomwelo, thukuta lili chuchuchu, akudikira kuwerengedwa.

Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, kenako malole atachuluka, utengatenga unayamba kuchepa. Koma msewu unapeza anthu ena oti uwameze. Depoti imene timaitcha Wenela ija dzina lake ndi la bungwe lolemba anthu ntchito ku migodi ya ku Joni, Witwatersrand Native Labour Association. Amuna ochokera m'midzi ankasonkhana pamenepo asanatumizidwe kumwera, mpaka mu 1974 pamene ndege yonyamula a Malawi ochokera kumigodi inagwa ku Francistown, Kamuzu n'kuimitsa zolemba anthuzo. Dzina lokha ndilo linatsala. Lero m'mawa pa Wenela pamakhala tiyi wamkaka m'makapu apulasitiki, mandasi, mazira ophika, zitumbuwa zotentha zochokera ku Ndirande ndi ku Mbayani. Amene munakwerapo basi ya 6 koloko mukudziwa kuti dzira la pa Wenela limakoma mosiyana. Mwina ndi mantha a ulendo.

Achinyamata ambiri amaganiza kuti kuyambira kale njira yopita ku Lilongwe inali ya pa Zalewa. Ayi. Likulu linali ku Zomba mpaka 1975, ndipo mabasi ambiri ankazungulira ku Zomba, kuwoloka Shire pa Liwonde, kudutsa ku Balaka, kenako Ntcheu. Bambo anga akamakamba za chakudya cha paulendo amatchula chambo cha pa Liwonde ndi tiyirumu ya pa depoti ya Balaka. Nthawi imeneyo basi inali ya UTM, imaima pa siteji yake yokha, pa nthawi yake, ndipo popanda khadi la chipani a yufi amatha kukubweza pakhomo la basi ngakhale pachipata cha msika. Malonda anali ndi malo ake. Wogulitsa kuthamangira basi ndi beseni pamutu ngati lero, zinali zosowa. M'matauni ang'onoang'ono munali resitihausi ya khonsolo, tiyirumu imodzi kapena ziwiri, ndi masitolo a amwenye, mpaka m'ma 1970 pamene boma linawalamula kuti achoke kumidzi akachitire malonda m'mizinda ikuluikulu. Nyumba zakale zamakhonde aatali zimene mumaona zitangoti duu m'matauni a mumsewu uno, zambiri ndi zimenezo. Zina pano ndi malo odyera, olembedwa pakhoma ndi penti kuti nsima ya nkhuku ya lokolo ilipo.

UTM inagulidwa ndi Stagecoach mu 1989, kenako inadzakhala Shire Bus Lines, yomwe inatha m'ma 2000. Koma chimene chinasintha msewu kwenikweni ndi 1994. Ufulu utabwera, aliyense wokhala ndi kandalama anagula minibasi, ndipo minibasi imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Pamene galimoto yaima, wogulitsa amafika. Ntchito m'makampani a boma zinkatha, kwacha inkagwa, ndiye mnyamata womaliza Fomu 4 akanatani? Anagula lita imodzi ya mafuta, kachitsulo kophwatalala kokhala ndi dzenje pakati, nkhuni, basi chiwaya chayamba. Chakudya cha pamsewu chimene timachiona ngati chikhalidwe chathu cha makolo, mbali yaikulu ndi mwana wa demokalase ndi ulova.

Zalewa. Apa ndi pamene msewu umawoloka Shire, ndipo apa ndi pamene umapatukana ndi wopita ku Mwanza, Zobue, Tete, mpaka Joni. Apolisi akati nonse tsikani, musadandaule, ndi mwayi wanu. Nyengo yozizira pamakhala manachesi a ku Mwanza ataunjikidwa ngati njerwa, nyengo ina masau, nzimbe, chimanga chootcha, timbalame tokazinga totungidwa pakamtengo. "Ankolo, tengani awa, otsekemera ngati shuga!" "Asisi, madzi ozizira!" Ndinaona mtsikana wina akutsatira basi yoti yanyamuka kale, dzanja lili m'mwamba, chifukwa munthu wina wa pawindo anali atalandira manachesi koma ndalama akuifufuzabe m'thumba. Anathamanga mpaka pamene basi inamusiya. Sindikudziwa ngati munthu uja anagona tulo usiku umenewo. Abale, ngati mulibe tchenji musalandire katundu wa mwini.

Kuchoka pa Zalewa kudutsa Phalula mpaka pa Chingeni, pamene anaika tolo geti mu 2021, dziko ndi louma, la milambe ndi matumba a makala. Kumeneku ndi kumene mumayamba kuona anyamata atanyamula timitengo m'mwamba. Mbewa. Anzanga ena a m'tauni amatembenuza nkhope, koma ine ndinakulira kokumba mbewa tikatha kukolola, ndipo ndikuuzani kuti kapuku wonona, wophikidwa ndi mchere n'kuumikidwa bwino, palibe soseji ingamufike. Vuto si mbewa. Vuto ndi moto umene anyamata amayatsa posaka, umene umatha tchire chaka ndi chaka, komanso kuti ambiri mwa ogulitsawo ndi ana oti nthawi imeneyo anayenera kukhala m'kalasi. Ndinagula mpani umodzi. Mayi amene ndinakhala naye pampando anasuntha pang'ono, kenako patapita kanthawi anati, "Achimwene, tandigawireniko imodzi, koma musauze anthu." Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsopano tafika pamene ndimafuna tikhalitse. Kuchokera pa boma la Ntcheu kukafika ku Dedza, M1 amakwera m'mapiri a Kirk, ndipo kwa mtunda wautali msewu womwewo ndiwo malire. Ukamapita ku Lilongwe, dzanja lamanja ndi Malawi, lamanzere ndi Mozambique, dera la Angonia. Mzere umenewu unachokera pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891, anthu amene analemba ali ku Ulaya. Unadula pakati pa Angoni a kwa Maseko, pakati pa minda, pakati pa mabanja. Mpaka lero munthu amagona ku Malawi n'kukalima ku Mozambique, ndipo kabichi amene mukugula pa Lizulu musamufunse pasipoti.

Lizulu si msika chabe. Ndi likulu la Inkosi ya Makosi Gomani. Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896 atakana kugonja. Mwana wake, Philip Gomani, mu 1953 anauza anthu ake kuti asamvere malamulo a atsamunda a zaulimi pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Apolisi atabwera kudzamugwira pa Lizulu, anthu ake anamuwolotsera tsidya la Apwitikizi, koma Apwitikiziwo anamubweza m'manja mwa Angerezi, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Ndikaima pamsika umenewu ndikusankha karoti, ndimakumbukira kuti mfumu yokalamba, yodwala, inathawira kuseri kwa masitolo omwewa.

Ndiye kunabwera nkhondo. Kuyambira 1977 mpaka pangano la mtendere la ku Rome mu October 1992, Frelimo ndi Renamo ankamenyana, ndipo anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Ambiri a ku Angonia sanapite kutali. Anangowoloka msewu. Amalume anga ankaphunzitsa kufupi ndi Mlangeni nthawi imeneyo, ndipo amati usiku unkamva mfuti tsidya linalo, m'mawa n'kupeza mabanja atsopano atakhala pansi pa mitengo ndi mitolo yawo. Masitolo a njerwa a tsidya la Mozambique anasanduka mabwinja opanda madenga, ena makoma ake ali ndi zipsera za zipolopolo. Amalume amakumbukiranso kuti mafuta ophikira ndi nyemba zimene othawa nkhondo ankalandira zinkapezeka pamsika, chifukwa munthu sungadye nyemba zokhazokha, umafunanso sopo ndi mchere. Anthu amene aja anabwera ndi manja awo olima. Nkhondo itatha ambiri anabwerera, minda ya tsidya lija inadzukanso, ndipo msika wapafupi wa mbewu zawo unali msewu wathu uno.

N'chifukwa chake pa mphambano ya Tsangano, pa Mlangeni, pa Lizulu, pa Bembeke, pamakhala zinthu zimene zimaoneka ngati chithunzi cha m'buku la sayansi ya zakudya: mbatata ya kachewere m'ndowa, kabichi wamkulu ngati mutu wa mwana, anyezi, karoti, nsawawa, tomato woumbidwa milu, mapichesi ikafika nyengo yake. Kumtunda kuno n'kozizira, mbewu zimenezi zimakonda. Ndipo tchipisi cha kuno n'chosiyana ndi cha m'tauni chifukwa mbatata yake yakumbidwa dzulo. Ndinadya pachiwaya china pa Lizulu, mphepo ikuwomba ngati ili ndi mlandu nane, mnyamata akundithirira kabichi wodula ndi tsabola wa kambuzi, pomaliza n'kuwonjezera tizidutswa titatu ta banyira. Ndinaseka ndekha nditakumbukira kuti pafupifupi zonse zinali m'mbale imeneyo n'zobwera. Mbatata, tomato ndi tsabola kwawo ndi ku America, zinawoloka nyanja ndi zombo za azungu, ndipo ngakhale liwu loti mbatata ndi la Chipwitikizi, batata. Chimanga chenichenicho, chimene timati ndi moyo, n'chobweranso. Msewu wakhala ukutidyetsa zachilendo kuyambira kalekale, ife n'kumazitcha zathu.

Koma pali china chimene sindingachilambalale. Misika imeneyi ili pamsewu penipeni. Amayi amayala malonda phazi limodzi kuchokera pamene thayala la thiraki likudutsa, chifukwa amene wakhala kutali ndi phula sagulitsa. Mu 2019 lole inalowa mumsika wa Kampepuza ku Ntcheu konkuno n'kupha anthu ambiri nthawi imodzi, ogula ndi ogulitsa omwe. Pakachitika zotere akuluakulu amabwera, amalankhula, amalamula kuti msika usunthe. Pakapita milungu ingapo anthu amabwerera pomwe paja. Ena amati ndi kusamva. Ine sindikuona choncho. Mayi amene ali ndi ndowa zitatu za tomato woti mawa aphwanyika amadziwa bwino lomwe kuti lole imapha. Amadziwanso kuti dalaivala saima pamsika umene sakuuona. Mpaka tsiku limene tidzamange malo oti basi ndi thiraki zizipatukira bwinobwino, ogulitsa n'kukhala mkati mwake, kuwathamangitsa ndi kungosuntha imfa kuchoka pa thayala kupita kunjala.

Pa Dedza mpweya umasintha, umayamba kununkhira paini. Amene ali ndi galimoto yawoyawo amapatukira ku Dedza Pottery, malo oumba mbale ndi makapu amene anayamba m'ma 1980, kukadya keke ya tchizi imene alendo akunja amaitamanda m'mabuku awo onse. Ndinalawa, ndi yabwino ndithu. Kufupi komweko kuli mapanga a Chongoni, okhala ndi zojambula za Akafula ndi za chinamwali cha Achewa, amene UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006. Ochepa mwa ife tinapitako, ngakhale timadutsa pamphambano pake mwezi ndi mwezi tikutafuna zigege. Pa Chimbiya ndi pa Kamphata ndi nyama yowotcha, utsi uli tolotolo. Penapake pakati pa malo amenewa ndi Lilongwe ndinadya mang'ina amene sanandifunire zabwino. Sinditchula malo, mwina tsikulo linangowaipira. Ndingoti usiku umenewo ndinaudziwa bwino mtunda wa pakati pa bedi ndi chimbudzi, ndipo ndinakumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu opitirira 1,700, mpaka akuluakulu analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ya m'mizinda. Lamulo langa pano ndi lophweka: chimene chikuchoka pamoto ndikuona, ndidya. Chimene chakhala m'beseni kuyambira m'mawa, pepani amayi, ulendo wina.

Lilongwe ndimudumpha. Ali ndi nkhani yakeyake, ndipo malo odyera a m'mafilingi siteshoni ndi ofanana kulikonse.

Kumpoto kwa Lumbadzi msewu umawongoka, dziko n'kukhala lathyathyathya. Mponela, Madisi, Kasungu: dziko la fodya, ndipo chakudya cha pamsewu chimatsatira kalendala ya fodya. Okushoni ikatsegulidwa, ziwaya zimachuluka, mbuzi zimachepa. Miyezi ya njala mumangopeza chinangwa chophika ndi mtedza. Ku Kasungu n'kumene kunachokera Kamuzu, amene ali mnyamata anayenda wapansi kupita ku Rhodesia ndi ku Joni. Nayenso ndiye kuti anayamba ndi kamba wa m'kansalu. Ndinadutsa nthawi imene makontirakitala anali pakalikiliki kukonza msewu umenewu, fumbi lili koboo, ndipo ndinaona kuti paliponse pamene anapatutsa magalimoto, ogulitsa anali atasamukira kale komweko. Palibe amene anawatumizira kalata.

Pa Jenda chilankhulo chimatembenuka. "Monire" amayamba kumveka, ndipo tomato ndi anyezi zimabweranso mwaunyinji ngati pa Lizulu, poti napo ndi pamalire, Zambia ili pafupi. Kenako Chikangawa. Nkhalango ya paini imeneyi, mahekitala oposa 50,000, inabzalidwa makamaka kuyambira m'ma 1960 kuti idzadyetse fakitale ya mapepala ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo yambiri inatha ndi macheka ndi moto, mapiri ena angotsala zitsa. Nyengo ya mvula ana amaima m'mbali mwa msewu, m'chifunga, atanyamula mbale za bowa. Ndi mtunda wautali wopanda tauni, ndiye amene sanadyeretu pa Jenda amafika ku Mzuzu atakwiya.

Mzuzu ndi khofi, nthochi, ndi kondowole wochokera ku Nkhata Bay amene amafuna dzanja lolimba ndi mtima wodekha. Ndinagona masiku awiri kuti mimba ikhululuke. Kenako Ekwendeni, kumene a mishoni anakhazikika mu 1889, Phwezi, ndi chitsikitsiki cha Chiweta, pamene nyanja imangotulukira mwadzidzidzi kumunsi ngati wina watsegula chitseko. Malole a malasha a ku Mchenga amatsika pamenepo akununkha mabuleki. Pa Chitimba pali njira yokhotakhota yokwera ku Livingstonia, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894. Kuyambira apa chakudya ndi nsomba basi. Pa Ngara usipa umayanikidwa pamathandala mpaka kukafika m'mbali mwa msewu, ndipo basi yonse imanunkha usipa kufikira ku Karonga, wogula ndi wosagula yemwe.

Karonga ndi tauni imene yaona zambiri kuposa kukula kwake. Mu 1881 anayamba kulambula msewu wa Stevenson kuchokera kuno kupita ku nyanja ya Tanganyika, ndipo injiniya wake James Stewart anamwalira ntchito ili mkati. Kuno n'kumene Mlozi, wogulitsa akapolo, anamanga malinga ake, kumenyana ndi kampani ya African Lakes, mpaka ananyongedwa mu 1895. Mu September 1914 Angerezi ndi Ajeremani anamenyana pomwepa, ndipo ambiri mwa amene anafa anali asilikali achikuda a mbali zonse ziwiri. Koma chimene chinapanga Karonga wa lero ndi nkhondo ya ku Mozambique ija. Njanji za ku Beira ndi Nacala zitadulidwa m'ma 1980, Malawi anafunika khomo lina lotulukira, ndipo khomolo linali Dar es Salaam kudzera pa Songwe. Mathanki a mafuta ndi mathiraki anayamba kutsika usiku ndi usana. Nkhondo imodzi yomweyo inadzaza msika wa Lizulu ndi anthu, n'kudzaza Karonga ndi madalaivala anjala.

Madalaivala amenewo anabwera ndi zokonda zawo. Ku Karonga tchipisi amachikazinga pamodzi ndi mazira n'kukhala ngati chikondamoyo chimodzi, monga amachitira ku Tanzania, ndipo amachitchula dzina la Chiswahili, chipsi mayai. Koma chakudya cha eni dera ndi mbalagha, nthochi zosapsa zophikidwa ndi nyama ya ng'ombe, ndi mpunga wa kilombero umene fungo lake limakupeza usanalowe m'nyumba. Ndinadya mbalagha pakanyumba kena kufupi ndi depoti. Mayi wophika anandiyang'ana mmene ndinkaigwirira supuni n'kufunsa, "Mwachokera ku Blantyre eti?" Ndinavomera. Anandiwonjezera msuzi osandifunsa, ngati munthu wodwala.

Makilomita otsala kukafika pa Songwe ndinayenda pa takisi yodzaza anthu asanu ndi awiri, minda ya mpunga mbali zonse. Pamalire pali osintha ndalama, a kabaza, amayi onyamula zitenje ndi mapoto kuchokera ku Kyela, ndi mzere wa mathiraki umene madalaivala ake ena akhala masiku akudikira mapepala, akuphika okha pansi pa matayala. Ndinafika pakati pa mlatho, kuyang'ana madzi ofiira a mtsinjewo, n'kubwerera. Ndinagula makilogalamu asanu a kilombero oti ndikapatse amayi. Pofuna kuwalongedza m'chikwama, m'kathumba kam'mbali kamene sindinatsegule ulendo wonse, ndinapeza jumbo yomangidwa mfundo ziwiri. Mtedza wokazinga. Amayi anaika tsiku limene ndinakawatsanzika, osandiuza. Unali utayamba kale kuzizira, koma ndinadya pa takisi yobwerera ku Karonga, ndi kugawirako mnyamata wa sukulu amene anandikhala pamwendo.